Matenda akakana kuchira: mafunso ndi mayankho pa chisamaliro chochepetsa ululu

Pali mawu amene amamveka kawirikawiri m'mawodi a zipatala zathu dokotala akatha kuzungulira: "Ife tayesetsa, mutengeni muzikamuonera kunyumba." Gadiyani amapinda zitenje, kulongedza poto ndi mbale m'chidebe, n'kutuluka kukasaka galimoto. Ndi ochepa amene amafunsa kuti, "Nanga akakayamba kubuula usiku tikamupatse chiyani?" Ambiri amakhala atamva kale m'mawu aja kuti nkhani yatha. Komatu pamakhala patatsala ntchito yambiri. Mafunso otsatirawa ndi amene odwazika matenda, anamwino ongoyamba ntchito ndi atsogoleri a mipingo amakonda kufunsa akamva za chisamaliro chimene kuchipatala amachitcha palliative care, ena amangoti "ku paliyativu".

Kodi palliative care n'chiyani kwenikweni?

Ndi chisamaliro chimene munthu wodwala matenda aakulu, oopseza moyo, amalandira kuti asazunzike, ngakhale matendawo atakhala oti sachira. Sichichotsa khansa, sichidzutsa impso zimene zasiya kugwira ntchito. Chimene chimafuna n'chakuti munthuyo agone tulo, amwe kaphala, bala lake lisanunkhe, athe kukhala pakhonde n'kucheza ndi adzukulu, ndipo a pabanja pake adziwe chochita zinthu zikathina.

Ambiri amati chisamaliro chamakonochi chinayamba ndi Cicely Saunders wa ku England, amene anali namwino kenako n'kudzakhala dokotala, ndipo anatsegula St Christopher's Hospice ku London mu 1967. Phunziro lake lalikulu linali lakuti ululu sukhala m'thupi mokha. Mayi wa khansa ya khomo la chiberekero amamva kupweteka m'chinena, inde, koma amasowanso tulo poganiza za ana amene adzawasiye, za bambo akunyumba amene asamuka kuchipinda chifukwa cha fungo, za ngongole ya ku banki m'khonde, ndi funso loti kodi Mulungu anamulakwira chiyani. Ukathetsa za m'chinena zokha n'kusiya zinazo, mayiyo sagonabe.

Ndiye akatitumiza kumeneko ndiye kuti atitaya?

Ayi. Manthawo ndi omveka, chifukwa kwa nthawi yaitali odwala amatumizidwako mochedwa, atatsala ndi masiku owerengeka, ndiye anthu anazolowera kuti wolowa khomo limenelo sabwerako. Koma chisamalirochi chimayenera kuyamba msanga, limodzi ndi mankhwala enawo. Munthu atha kumalandira chemotherapy, mankhwala olimbana ndi khansa ya pakhungu ya Kaposi, akumwa ma ARV ake, akupitanso ku paliyativu chifukwa cha miyendo yotupa ndi yowawa. Ena amakhala m'kaundula zaka zingapo uku akulima, akugulitsa tomato pamsika.

Ku Boston, ku America, kafukufuku wofalitsidwa mu 2010 anayerekeza magulu awiri a odwala khansa ya m'mapapo yomwe inali itafalikira kale. Amene anayamba kulandira chisamalirochi atangowapeza ndi matendawo anali ndi nkhawa zochepa, moyo wawo wa tsiku ndi tsiku unali wabwinoko, ndipo pakatikati anakhala miyezi 11.6 pamene anzawo anakhala miyezi 8.9. Izi sizikutanthauza kuti ndi mankhwala otalikitsa moyo, koma zikutsutsa mphekesera yoti kumeneko amafulumizitsa imfa.

Vutoli ndi lalikulu bwanji?

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 56.8 miliyoni amafunika chisamalirochi chaka chilichonse, koma amene amachilandira ndi 14 okha mwa 100 alionse. Ambiri mwa osowawo ali m'maiko osauka ndi otukuka pang'ono. Gulu la akatswiri limene magazini ya zachipatala ya Lancet inasonkhanitsa linapeza mu 2017 kuti theka losaukitsitsa la anthu a padziko lapansi limalandira osafika ndi 1 peresenti yomwe ya mankhwala onse othetsa ululu waukulu a mtundu wa mofini amene amagawidwa padziko lonse.

Kwathu kuno matendawo timawadziwa ndi maina: khansa ya khomo la chiberekero, imene Malawi ali m'gulu la maiko amene yawasautsa kwambiri padziko lonse, khansa ya kummero imene imatseka njira ya chakudya mpaka munthu kulephera kumeza malovu, ya Kaposi, ya m'mawere, sitiroko, matenda a mtima, a impso, a chiwindi, ndi Edzi yomwe. Odwala khansa ambiri amafika kuchipatala matenda atapita kale patali, ndipo kwa zaka zambiri wofunika kuwotchedwa ndi makina a radiotherapy amayenera kudikira pamndandanda wopita kunja. Kwa anthu otere, funso loti "achira?" nthawi zambiri limakhala litayankhidwa kale. Lotsala ndi loti masiku amene ali nawowo awakhala bwanji.

Zinafika bwanji kuno ku Africa, ndi ku Malawi?

Malo oyamba otere mu Africa muno anali Island Hospice ku Harare, mu 1979. Nairobi Hospice inatsegulidwa mu 1990, Hospice Africa Uganda mu 1993. Bungwe la African Palliative Care Association, lomwe likulu lake lili ku Kampala, linakhazikitsidwa mu 2004.

Ku Malawi khomo linatsegulidwa ndi Edzi. Ma ARV aulere asanayambe mu 2004, mipingo ndi magulu a m'midzi anali kale pakalikiliki kuyendera odwala matenda amgonagona m'makomo, ndi sopo, panado ndi pemphero, popanda chothetsera ululu waukulu. Kiliniki ya Lighthouse, yosamalira odwala Edzi, inayamba ku Lilongwe mu 2001. Ku Gulupu, pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kunabadwa makiliniki a paliyativu, Umodzi ya ana mu 2002 ndi Tiyanjane ya akuluakulu mu 2003. Bungwe la PACAM, lobweretsa pamodzi onse ogwira ntchitoyi, linayamba mu 2005. Ku Salima, namwino Lucy Finch anatsegula Ndi Moyo mu 2007; chimene chinamukankha ndi kubuula kwa msilikali wachinyamata amene anamwalira ndi ululu woopsa m'chipatala chimene mayiyu ankadwazikamo m'bale wake. Mu 2014 Unduna wa Zaumoyo unatulutsa ndondomeko ya dziko lonse ya chisamalirochi, chaka chomwecho chimene msonkhano waukulu wa maiko a WHO unagwirizana kuti chisamalirochi chikhale mbali ya ntchito wamba za zipatala, osati ntchito ya okoma mtima okha.

Mofiniyo si mankhwala ozunguza bongo? Ndinamva kuti akamupatsa munthu ndiye kuti akumupha pang'onopang'ono.

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndiye ndilankhulepo motalikirako.

Azakhali anga anadwala khansa ya bere. Milungu itatu yathunthu nyumba yonse sinagone. Tinkawapatsa panado, bulufeni, kenako tizitsamba tochokera kwa aliyense wodzazonda. Iwo ankangoluma nsonga ya chitenje kuti ana asamve. Tsiku lina kunabwera namwino panjinga yamoto, atatenga botolo la mofini wamadzi ndi sirinji yopanda singano. Sanathamangire botolo. Anakhala kaye pamphasa, n'kuwafunsa azakhali kuti aonetse ndi zala za dzanja limodzi kukula kwa ululu wawo, kuyambira chibakera, kutanthauza kuti palibe, mpaka zala zonse zisanu. Anatambasula zonse. Ndiye anamuphunzitsa msuweni wanga kuyeza mlingo ndi sirinji ija, n'kumulembera nthawi pachikuto cha kope la kusukulu: 6 koloko m'mawa, 10 koloko, 2 koloko masana, 6 koloko madzulo, ndi 10 koloko usiku mlingo wowirikiza kuti pasakhale kudzutsana pakati pa usiku. Kutacha mawa lake azakhali anapempha phala la mgaiwa, ndipo anati tiwatulutse panja akaone mmene chimanga chakulira kuseri kwa nyumba. Anakhala miyezi inayi ina. Sanasokonezeke mutu, ankalangiza ana ndi kudzudzula amene sanasese pabwalo mpaka sabata lomaliza.

Mofini woperekedwa pakamwa, kuyambira pamlingo wochepa n'kumakweza malinga ndi ululu, sapha munthu. Mphekesera ija inabwera chifukwa choti ankaperekedwa mochedwa zedi, kwa munthu amene anali kale kumapeto, ndiye akamwalira mawa lake anthu n'kuloza botolo. Za kuzolowera ngati chamba, sizichitika kawirikawiri kwa wodwala amene akumwa chifukwa cha ululu waukulu ndipo akuyang'aniridwa. Thupi limazolowera ndithu, n'chifukwa chake saleka mwadzidzidzi koma kuchepetsa pang'onopang'ono, koma kumeneko n'kosiyana ndi chilakolako cha munthu wosuta. Mavuto a mankhwala otere amene timamva ku America anabwera ndi kutsatsa malonda mosasamala komanso kulembera mapiritsi ochuluka mwachisawawa. Lathu ndi vuto lotembenuka: odwala akufa akulira botolo lili kutali.

Zovuta zake zenizeni ndi izi. Pafupifupi aliyense womwa mofini amadzimbidwa, ndiye ayenera kupatsidwa mankhwala ofewetsa m'mimba kuyambira tsiku loyamba. Masiku awiri atatu oyamba ena amachita nseru kapena kuwodzera, kenako zimatha. Wodwala impso amafunika kusamala kwapadera pa mlingo. Botolo lisungidwe pamene ana sangafikire, ndipo asagawireko mnansi wopweteka dzino.

Ngati ndi wothandiza choncho, bwanji amasowa? Ndi wodula?

Wodula ayi. Mofini wa ufa ndi mmodzi mwa mankhwala otchipa, ndipo ali pamndandanda wa WHO wa mankhwala ofunika kupezeka m'dziko lililonse. Chovuta ndi njira imene amayenda.

Malinga ndi pangano la maiko la 1961, dziko lililonse limauza bungwe la INCB ku Vienna, loyang'anira kayendedwe ka mankhwala otere padziko lonse, kuchuluka kwa mofini amene lidzafune chaka chamawa. Maiko ambiri amayerekeza poona mmene anagwiritsira ntchito chaka chatha. Ndiye ngati chaka chatha madokotala amaopa kulemba, chiwerengero chimakhala chochepa, oitanitsa n'kuitanitsa wochepa, wodwala n'kusowa, kaundula n'kuonetsanso kuti anthu sakumufuna. Galu wothamangitsa mchira wake. Kuonjezera apo pali zilolezo za bungwe loyang'anira mankhwala, ndalama zakunja zogulira, kusungunula ufawo kuti ukhale wamadzi, ulendo wochoka ku Central Medical Stores kufika kuchipatala cha boma, ndi ulendo wina wovuta kwambiri wofika kuchipatala chaching'ono cha kumudzi, kumene mwina kulibe kabati yokhoma kapena munthu wololedwa kulemba.

Pena mofini amakhalapo koma osafika pakamwa pa wodwala. Ndinagonapo usiku wina pachipatala china ndikudwazika, bambo wa bedi loyandikana akulira mpaka mbandakucha, chifukwa kiyi wa kabati ya DDA, yokhomeramo mankhwala amphamvu ngati mofini, anali m'thumba la munthu amene anaweruka madzulo. Mankhwala anali pamtunda wa mayadi khumi. Ogwira ntchito enanso amazemba chifukwa choopa buku lolembamo dontho lililonse: likapanda kulingana, mlandu ndi wawo. Ndiye amangobaya pethidine, amene amatha mphamvu msanga ndipo sayenera ululu wa nthawi yaitali, kapena kungopereka panado n'kuyang'ana kumbali.

Ku Uganda anachita chiyani chimene anthu amachitchula kawirikawiri?

Zinthu ziwiri zosavuta kuzimva. Choyamba, Dr Anne Merriman, amene anayambitsa Hospice Africa Uganda, anabweretsa njira yopangira mofini wamadzi pamalo pomwepo: ufa wa mofini, madzi oyera, mankhwala oteteza kuti asawonongeke, ndi utoto wa zakudya wosiyanitsira mphamvu, wobiriwira wocheperako mphamvu, wofiira wamphamvu. Poyamba ankasakaniza kukhitchini n'kuthira m'mabotolo otha madzi akumwa. Boma la Uganda linadzavomera kulipira kuti wodwala azilandira ulere.

Chachiwiri ndiye chachikulu. Mu 2004 Uganda inasintha lamulo kuti anamwino ndi ma clinical officer amene aphunzira mwapadera, maphunziro a miyezi isanu ndi inayi, azitha kulembera odwala mofini popanda kudikira dokotala. Linali dziko loyamba mu Africa muno kutero. Anaona kuti kumudzi dokotala kulibe, ndipo lamulo lofuna saini ya munthu amene kulibe ndi lamulo loletsa mankhwala basi. Ife a ku Malawi izi sitiyenera kuzizwa nazo, chifukwa zipatala zathu zakhala zikuyenda pamsana pa ma clinical officer, ma medical assistant ndi anamwino kuyambira kalekale.

Nanga amaphunzitsidwa ndani, ndipo amaphunzira chiyani?

Maphunziro ali pamagawo. Pansi penipeni pali zimene wogwira ntchito yachipatala aliyense ayenera kudziwa, ngakhale wa ku OPD, kumene amaona odwala osagonekedwa: kufunsa za ululu, kuuyeza, ndi kuuthetsa. Ku Malawi ambiri analowera pa kosi ya masiku asanu ya Unduna wa Zaumoyo, ndipo phunziroli linalowetsedwanso m'masukulu a anamwino ndi madokotala. Pamwamba pake pali amene amakakhala milungu ingapo pamalo ngati Ndi Moyo kapena Tiyanjane, kuona odwala enieni pambali pa munthu wozolowera. Kenako pali akatswiri a madipuloma ndi madigiri, ochokera ku yunivesite ya Makerere ku Uganda mogwirizana ndi Hospice Africa Uganda, ku yunivesite ya Cape Town, ndi kwathu konkuno kusukulu ya zaudokotala ya ku Blantyre imene tsopano ili pansi pa yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu, KUHeS. Amenewa ndiwo amayenera kuphunzitsa ndi kulangiza anzawo m'maboma.

Za mankhwala, maziko ake ndi makwerero atatu amene WHO inatulutsa mu 1986: ululu wochepa panado kapena bulufeni, wapakati mankhwala ngati codeine kapena tramadol, waukulu mofini. Lamulo lake ndi lakuti mankhwala amwedwe pakamwa ndiponso pa nthawi yake, osadikira kuti ululu ubwerere kaye. Amaphunziranso kuti si ululu wonse umamvera mofini. Wa mitsempha, uja wodwala amati mapazi akuyaka moto kapena akulasa ngati singano, umafuna mankhwala ena monga amitriptyline.

Koma funsani aliyense amene anachitapo kosiyi, adzakuuzani kuti tsiku lovuta silinali la masamu a milingo. Linali tsiku loyeserera kuuza munthu uthenga woipa. Wina amakhala wodwala, wina namwino, anzawo akuonerera. Pamenepo ndi pamene munthu amazindikira kuti zaka zonsezi wakhala akulankhula ataimirira, maso ali pafayilo, akuthira Chingerezi kuti wodwala asafunse zambiri.

Masiku asanu angakwanire?

Ayi, ndipo tisanamizane. Masiku asanu amatsegula maso, koma sapatsa munthu kulimba mtima kolembera mofini mayi wowonda amene achibale ake akumuyang'anitsitsa. Kulimba mtima kumabwera ukachita koyamba pali wina pambali pako, n'kudzaona mawa lake wodwala akumwetulira. Kosi yopanda woyendera pambuyo pake imathera pa satifiketi ndi alawansi.

Vuto lina ndi kusamutsa. Namwino amaphunzitsidwa bwinobwino, miyezi itatu yokha n'kumupititsa kuwodi ya amayi oyembekezera chifukwa kumeneko kwachepa anthu, kachipinda ka paliyativu n'kusanduka mosungira makatoni. Oyang'anira zipatala amene akufunadi kuti ntchitoyi ikhazikike amaphunzitsa anthu angapo nthawi imodzi, kuphatikizapo wa ku famase, amawapatsa tsiku lodziwika la kiliniki, ndi mafuta a njinga yamoto oyendera m'makomo. Amakumbukiranso kuti munthu woona imfa sabata ndi sabata amatopa mumtima, ndipo amafunika pokhala ndi anzake n'kupepukidwa.

Ife odwazika kunyumba tingachite chiyani ndi manja athu?

Zambiri, ndipo zina sizifuna ndalama. Wodwala wosatha kudzitembenuza mutembenuzeni pakapita maola awiri alionse, ndipo muziyang'ana m'chiuno, m'zidendene ndi m'mapewa, chifukwa zilonda za pogona zimayambira mmenemo. Pansi pa chitenje yalani pulasitiki kuti mphasa kapena matiresi asanyowe, chonyowa chichotsedwe msanga. Bala litsukeni ndi madzi owiritsa othira mchere pang'ono. Bala la khansa likamanunkha, azachipatala amapereka mapiritsi a metronidazole, aja ambiri amawadziwa kuti flagyl, oti musinje n'kuwaza pabalapo. Fungo limazilala m'masiku ochepa, ndipo ndaona ndi maso anga anthu amene anasiya kulowa m'chipinda akuyambiranso kudyera limodzi ndi wodwala. M'kamwa muzimutsuka ndi kansalu kofewa. Magolovesi akasowa, majumbo osabooka amathandiza. Pa kudzimbidwa, nthangala za papaya zoumitsa ndi kusinja zimagwiritsidwa ntchito m'malo ambiri osamalira odwala kuno ndi ku Uganda, koma funsani namwino za mlingo.

Chovuta kuchilandira ndi nkhani ya chakudya. Kwathu chikondi timachionetsa ndi nsima, ndiye wodwala akakana kudya timaona ngati tikumupha ndi njala. Munthu akayandikira kumapeto thupi lake silifunanso chakudya, ndipo kumukakamiza kumangomutsamwitsa. Timadzi pang'ono pa sipuni, kunyowetsa milomo, kumugwira dzanja, n'zokwanira.

Ndipo abambo, ntchitoyi si ya amayi okha. Kawirikawiri imagwera mtsikana mmodzi amene amasiyira sukulu panjira. Gawanani masiku.

Timuuze wodwala zoona, kapena timubisire kuti asataye mtima?

Achibale ambiri amakokera dokotala pambali: "Chonde musawauze, angafe ndi maganizo." Enanso amaona ngati kutchula imfa n'kulaula. Cholinga chawo ndi chabwino. Koma wodwala si mwana. Amaona thupi lake likutha, amaona anthu akunong'onezana pakhomo n'kusiya akamuona, ndipo amakhala yekhayekha ndi mantha ake chifukwa aliyense akumuuza kuti "muchira posachedwa". Nthawi zambiri mbali zonse ziwiri zimadziwa, kungoti aliyense akuteteza mnzake.

Ophunzitsidwa bwino saponya uthenga ngati mwala. Amayamba afunsa kuti, "Amayi, inu mukuona kuti matendawa akuyenda bwanji?" Amafunsa ngati akufuna kudziwa zonse, ndiponso kuti pakhale ndani pomva, kaya mwamuna, kaya mwinimbumba, kaya mwana wamkulu. Amene sakufuna kumva samukakamiza. Amene wamva amapeza mpata wokonza zake: kunena amene adzalere ana, kuyanjana ndi mchimwene amene anakangana naye za munda, kulemba wilo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi ndi ana, koma pepala losainidwa mwini wake ali moyo limatseka pakamwa anthu ambiri olanda katundu.

Ana nawonso amafunika chisamaliro chotere?

Kwambiri. Pali ana a khansa, ana amene ubongo unavulala pobadwa kapena ndi malungo aakulu ndi matenda oumitsa khosi, ana a mtima, a impso, a sickle cell. Kale anthu ankakhulupirira kuti khanda silimva ululu ngati wamkulu, zomwe si zoona. Mwana sangakuuze ndi zala, ndiye wophunzitsidwa amayang'ana nkhope, kaliridwe, ndi mmene wadzipindira. Mofini amaperekedwa kwa ana molingana ndi sikelo yawo. Ndipo kusewera ndi mankhwala ndithu: mwana amene wayambiranso kukankha galimoto ya mawaya ndiye kuti ululu wachepa.

Nanga mapemphero ndi asing'anga?

Abusa, ansembe, mashehe, amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Dorika, a m'miphakati, onsewa ndi mbali ya chisamalirochi, ndipo ambiri anayamba kuzonda odwala azachipatala asanaganize zotuluka m'mawodi. Pemphero ndi mofini siziombana. Chimene ndimakana ndi munthu wouza wodwala kuti ataye mankhwala posonyeza chikhulupiriro, kapena wolipiritsa mbuzi polonjeza kuchotsa khansa, kapena woloza agogo a m'mudzi kuti ndiwo alodza.

Dziko losauka ngati lathu, bwanji osayamba tathana ndi malungo ndi imfa za amayi pobereka?

Funsoli limafunsidwa ngakhale m'maofesi okonza bajeti, ndipo si lopusa. Koma wodwala wosachiritsika sasowa m'bajetimo, amangowononga ndalama mwa njira ina. Amagonekedwa, kutulutsidwa, kubweranso pakati pa usiku pa ambulasi, kuikidwa diripi imene siimuthandiza, pabedi limene mwana wa chibayo akanagonapo. Kubanja nako mbuzi zimapita, njinga imapita, malata amene anagulidwa kuti afolere nyumba amagulitsidwa, pena ndi munda womwe, zonsezo kulipirira maulendo osaka machiritso amene kulibe. Maliro akamachitika banja limakhala litagwa kale. Munthu mmodzi wonena zoona mwachifundo, ndi botolo lotchipa loperekedwa pafupi ndi kwawo, amapulumutsa ndalama za boma ndi za banja lomwe. Komanso palibe amene akupempha nyumba zapadera zokhala ndi mabedi ngati za ku Ulaya. Chofunika ndi kulowetsa luso limeneli m'zipatala zimene zilipo kale.

Anthu wamba ongodzipereka angathandizedi, kapena n'kungowagwiritsa ntchito yaulere?

Chitsanzo chotchuka ndi cha ku Kerala, ku India. Kumeneko madokotala ochepa, mmodzi mwa iwo Dr M. R. Rajagopal, anayamba kakiliniki ku Calicut mu 1993, kenako ntchitoyo inafalikira m'midzi kudzera mwa anthu wamba: aphunzitsi, oyendetsa matakisi, ophunzira, amene amapeza odwala m'dera lawo, kuwayendera, kusonkha tindalama, n'kuitana namwino pakafunika. Mu 2008 boma la Kerala linakhazikitsa ndondomeko yake pa chisamalirochi.

Ife mwambo wozondana tili nawo kale, ndipo alangizi a zaumoyo amadziwa khomo lililonse. Koma wodzipereka wopanda magolovesi, wopanda njinga, wopanda nambala ya namwino woti amuimbire, amatopa n'kusiya, ndipo sitingamunene. Tinaziona pamene ndalama za mabungwe a Edzi zinayamba kuchepa, magulu ambiri oyendera odwala anangozilala. Wodzipereka ndi maso ndi makutu a chipatala, sangalowe m'malo mwa namwino wolipidwa.

Wodwala wathu angachipeze kuti chisamalirochi?

Yambirani pachipatala cha boma cha m'boma lanu, kapena cha mishoni chimene muli nacho pafupi, mufunse za kiliniki ya palliative care ndi tsiku limene imakumana. Zipatala zikuluzikulu zili nayo. Tengani buku la kuchipatala ndi mankhwala onse amene wodwala akumwa. Ngati akukutulutsani m'wodi ndi mawu aja oti muzikamuonera kunyumba, musanyamule chidebe musanafunse: ululu ukakula timupatse chiyani, mankhwala akatha tikatenge kuti, kodi wachibale angadzawatengere wodwala osabwera, ndipo usiku tiimbire ndani. Kufunsa si mwano.

Kwa abale amene muli ku Joni, ku Harare kapena ku UK ndipo mumatumiza ndalama: musathamangire timabotolo todula tolonjeza kukweza chitetezo cha m'thupi. Ndalama ya thiransipoti yokatengera mankhwala, sopo, matewera a akuluakulu, matiresi, ndi kangachepe kopepukitsa amene akugona ndi wodwalayo usiku uliwonse zimagwira ntchito yooneka.

Wodwala akamwalira, zimathera pomwepo?

Siziyenera kutero, chifukwa otsala nawonso amakhala atavulala, makamaka amene ankadwazika. Azakhali aja atatisiya, patapita sabata chiikireni maliro, namwino uja anabweranso panjinga yake. Analandira botolo la mofini wotsala, analiyang'ana padzuwa kuona pamene wafika, n'kulemba m'buku lake. Kenako anavula nsapato, n'kukhala pamphasa pambali pa msuweni wanga, amene masiku onse a maliro anali kuphika ndi kutunga madzi osagwetsa msozi. Anangomufunsa kuti, "Nanga iwe ukugona?" Mtsikanayo anati 10 koloko usiku ikakwana amadzidzimukabe kufunafuna sirinji. Anakhala pamphasapo mpaka dzuwa kupendeka.